Njinga ya BMX ndi Mana a Dzulo

Masewera a BMX anayamba ndi ana amene ankafuna kukula msanga. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, kummwera kwa California ku America, mipikisano ya njinga zamoto zothamanga m'matope ndi m'zitunda inali m'kamwam'kamwa, ndipo anyamata ankaitsatira ndi mtima wonse. Koma mwana wazaka 11 ndani angamugulire njinga yamoto? Anawo anangotenga zimene anali nazo. Mu 1963 kampani ya Schwinn ya ku Chicago inali itatulutsa kanjinga kakapalasa kotchedwa Sting-Ray, ka matayala a mainchesi 20, chishalo chachitali ndi chiwongolero chotukuka m'mwamba. Kanali kafupi, kosavuta kukhota nako. Ana ankapita nako pamalo opanda nyumba, n'kuunjika dothi, n'kumadumpha motsanzira akatswiri a njinga zamoto.

Mu 1970 mnyamata wina wa ku Long Beach, Scot Breithaupt, asanakwanitse n'komwe zaka 15, anayamba kukonzera anzake mipikisano pabwalo lina la dothi. Chaka chotsatira kunatuluka filimu ya Bruce Brown yonena za njinga zamoto, On Any Sunday, ndipo koyambirira kwake kunaoneka ana akupalasa tinjinga tawo m'fumbi. Ana a m'madera ena a America ataona zimenezo anazindikira kuti nawonso angathe.

Lero zinthu zatembenuka. M'masitolo a njinga a ku America, Britain ndi Australia, wofuna BMX sakhala mwana yekha. Pali mnyamata kapena mtsikana wazaka 14 amene akufuna kuphunzira kudumpha, komanso pali bambo wa imvi zake, wazaka 50 kapena kuposerapo, amene akusaka njinga yeniyeni imene anali nayo mu 1984, kapena imene ankangoisirira pawindo la sitolo makolo ake alibe ndalama. Njinga imene ana anaiyambitsa pofuna kukhala akuluakulu, akuluakulu akuigula pofuna kukhalanso ana. Funso lobisala pamenepa ndi lakale kuposa njinga iliyonse: munthu akagula chinthu cha dzulo, amakhala akugula chiyani kwenikweni? Nanga kuyang'ana m'mbuyo koteroko n'kupepera, n'tchimo, kapena ndi umunthu chabe?

Bamboyu sangamveke bwino popanda chaka cha 1982. Pofika nthawiyo njinga zolimba zinali zitapezeka, chifukwa ma Sting-Ray aja ankathyoka. Gary Turner, munthu wokonza zida zoimbira amene ankadziwanso kuwotcherera magalimoto a mpikisano, anawotcherera mwana wake felemu ya chitsulo cholimba, ndipo ntchito ya m'galaja imeneyo inadzabala kampani ya GT mu 1979. Skip Hess anali atayambitsa mu 1974 kampani imene inatchuka ndi njinga za Mongoose, ndipo Breithaupt uja anatsegula SE Racing mu 1977. Ndiyeno mu 1982 zonse zinangokumana. Filimu ya Steven Spielberg, E.T., inaonetsa dziko lonse kamnyamata kakuuluka pa njinga ya Kuwahara ya ku Osaka. Bob Haro, mmodzi wa amene anapalasa m'malo mwa ana a mufilimuyo pa zochitika zoopsa, anatulutsa Haro Freestyler, felemu yopangidwira kuonetsa luso osati kuthamanga. Ku Nottingham, kampani ya Raleigh inatulutsa Burner, imene inadzaza misewu ya Britain. Mpikisano woyamba wa dziko lonse unachitikira ku Dayton, Ohio. Chaka chotsatira ku Australia kunatuluka filimu ya BMX Bandits, mmene munali Nicole Kidman akadali mtsikana wachichepere.

Mwana amene anali ndi zaka 10 mu 1982 lero wapitirira 50. Ali ndi malipiro, ana ake akukula, ndipo njinga yake ija inachita dzimbiri kalekale n'kutayidwa, popeza pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 chidwi cha anthu chinali chitasamukira ku njinga za m'mapiri. Masewerawo sanafe. Anadzukanso ndi mipikisano ya X Games kuyambira 1995, n'kulowa mu Olimpiki ku Beijing mu 2008, kumene Māris Štrombergs wa ku Latvia ndi Anne-Caroline Chausson wa ku France anatenga mamendulo agolide, ndipo Sifiso Nhlapo wa ku South Africa anafika mu ndime yomaliza. Koma BMX ya mu Olimpiki si imene bambo uja akuifuna. Iye akufuna ya kuseri kwa nyumba.

Munthu wa ku Malawi kuno akaiona BMX, choyamba kufunsa ndi kaliyala. Kuno njinga ndi wantchito: imasenza makala, imapita kuchigayo, imanyamula wodwala, imadyetsa banja la wakabaza. BMX ilibe kaliyala, ilibe madigadi, ili ndi giya imodzi, ndipo chishalo chake chili pansi moti wopalasa amakhalira kuimirira. Pa ntchito iliyonse yodziwika ya njinga, iyi imalephera. Koma kulephera kumeneko ndiko cholinga chake. Katswiri wa filosofi Bernard Suits, m'buku lake la mu 1978 lotchedwa The Grasshopper, anafotokoza kuti kusewera ndi kudziikira dala zopinga zosafunikira n'kumalimbana nazo, ndipo anafika ponena kuti dziko litati lathetsa njala ndi umphawi wonse, chotsala choti anthu azichita chingakhale kusewera. Mneneri Zekariya, m'chaputala 8, pofotokoza Yerusalemu wobwezeretsedwa sanatchule nkhokwe kapena asilikali poyamba. Anatchula nkhalamba zitakhala m'makwalala ndi ndodo zawo, ndi anyamata ndi atsikana atadzaza misewu akusewera. Choncho amene amati njinga yongosewerera ndi kutaya ndalama ayenera kulimbana kaye ndi mneneri. Koma aonenso bwino mmene chithunzicho chagawira malo: osewera ndi ana, nkhalambazo zakhala pansi zikuonerera.

Kwa wachinyamata nkhani yake ndi yolunjika, ngakhale amalonda amaipota. Iye akugula chinthu choti achiphwanye. BMX ya mwana wazaka 14 imagwa kambirimbiri pa tsiku: imatera chammbali pakonkire, imakhula chiwongolero pansi, imaponyedwa uko mwiniwake akaona kuti kudumpha kwalakwika. Ndiye funso loyamba si la mtundu wa penti koma la chitsulo. Mafelemu otchipa amapangidwa ndi chitsulo chimene amalonda amachitcha hi-ten, cholemera koma chosachedwa kupindika. Abwino amapangidwa ndi chromoly 4130, chitsulo chosakaniza ndi chromium ndi molybdenum pang'ono, chimene amapangiranso mafelemu a ndege zing'onozing'ono. Popeza n'cholimba, mapaipi ake amatha kukhala opyapyala, njinga n'kupepuka. Msampha uli pa sitika. Ikhoza kulemba kuti chromoly pamene paipi imodzi yokha ndiyo ya chitsulo chimenecho, ena onse ali a hi-ten. Wogula wochenjera amafunsa mwachindunji ngati felemu yonse, foloko ndi chiwongolero zili za chromoly.

Kenako msinkhu. BMX zambiri za achinyamata zili ndi matayala a mainchesi 20, choncho kukula kwa njinga kumayezedwa pa paipi yapamwamba ya felemu, kuchokera kukhosi kwa chiwongolero kukafika pansi pa chishalo. Kawirikawiri imakhala pakati pa mainchesi 20 ndi 21, ndipo theka la inchi, limene papepala limaoneka ngati si kanthu, m'thupi limamveka. Mwana wamfupi amayamba ndi matayala a mainchesi 16 kapena 18. Chizolowezi cha makolo chogula chachikulu kuti akuliremo chimathandiza pa yunifolomu ya sukulu, koma pa BMX chimangopatsa mwana njinga imene sangathe kuidzutsa tayala lakutsogolo. Zina n'zodziwikiratu: malimu a makoma awiri, mabelingi otsekedwa osalowa fumbi, mikono ya mapedulo ya zidutswa zitatu osati chitsulo chimodzi chopindidwa. Mwanayo anenenso chimene akufuna kuchita. Njinga ya mpikisano wa liwiro imakhala ya aluminiyamu, yopepuka, ya matayala owonda; ya freestyle, yoonetsera luso, imakhala yachitsulo, ya matayala onenepa, mwina yokhala ndi mapegi m'mbali otsetserekera pazitsulo. Kudumphira masitepe a konkire ndi njinga ya mpikisano n'kuipha msanga.

Amene akugula yogwiritsidwapo kale ntchito aitembenuze matayala m'mwamba, apukute ndi kansalu pamene paipi yapansi ikukumana ndi khosi la felemu, n'kupayang'ana powala. Kamzere kowonda kwambiri m'mphepete mwa powotcherera ndi mng'alu, ndipo njinga yoteroyo ndi yongoisiya. Penti yokwinyika kunsi kwa paipiyo imaulula kuti njingayo inagundapo chinthu mwamphamvu. Azungulitse tayala aone ngati likuvina, aligwedeze chammbali amve ngati habu ikugogoda. Mikwingwirima pa penti si vuto konse. Ndi umboni chabe wakuti njingayo inali ndi mwini.

Pali ziwiri zimene kholo siliyenera kugonjapo. Achinyamata ambiri opalasa m'misewu amachotsa mabuleki chifukwa n'zimene akatswiri awo amachita, koma katswiriyo anaphunzira kuima kwa zaka zambiri, ndipo m'maiko ngati Britain lamulo limafuna mabuleki pa njinga yoyenda pamsewu. Chachiwiri ndi chipewa choteteza mutu. Dave Mirra, amene anapata mamendulo 24 pa X Games, anamwalira mu 2016 ali ndi zaka 41, ndipo madokotala atapima ubongo wake anapeza matenda a CTE, amene amayenderana ndi kumenyetsa mutu mobwerezabwereza.

Pa zina zonse kholo likhale chete, ndipo apa mpamene abambo ambiri amaphonya. Amalowa m'sitolo ndi mwana, koma maso awo ali pa njinga yonyezimira, ya malimu apulasitiki a miyendo isanu, yofanana ndi ya 1984. Mwana akati, "Adadi, imeneyo ndi yolemera, anzanga sakwera zoterozo," bambo amakhumudwa ngati wanyozedwa. Ndipo wanyozedwadi, chifukwa mphatsoyo sinali ya mwanayo. Inali ya kamnyamata kena kamene kanaima pawindo la sitolo zaka 40 zapitazo. Pa zonse zimene kupukwa zakale kumachititsa, ichi chokha ndicho cholakwa chenicheni: kusenzetsa mwana wamoyo ngongole ya mwana amene kulibenso. Mwanayo amakakamizika kuthokoza pa chinthu chimene sanapemphe, ndipo akachikanda amadzudzulidwa ngati waswa chikho cha m'kachisi.

Chodabwitsa n'chakuti bambo ndi mwana ali pafupi kuposa mmene akuganizira. Njinga zakale zinali ndi sipuloketi ya mano 44 kutsogolo ndi 16 kumbuyo. Za freestyle za lero zimakhala ndi 25 ndi 9, zing'onozing'ono kuti zisamagunde pakonkire. M'maso n'zosiyana kwambiri, koma kugawa 44 ndi 16 kumapereka 2.75, pamene 25 ndi 9 kumapereka pafupifupi 2.78. Mwendo ukaponda pedulo umamva kulemera kofanana ndithu.

Tsopano bamboyo wadzigulira yekha, ndi ndalama zake, ndipo palibe mwana amene walakwiridwa. Wagula chiyani?

Osonkhanitsa njinga zakale ali ndi dziko lawolawo. Amasaka pa eBay ndi m'magalaja a anthu, amawerenga manambala odindidwa pafelemu kuti adziwe chaka, amakangana za masitika enieni ndi osindikizidwanso. Njinga zina zosowa, monga za Hutch, zimagulidwa madola masauzande. Njinga imene yafika lero ili momwe inalili, ndi penti yake yosuluka, amaitcha survivor. Koma chimene ambiri amachikhetsera dovu ndi chimene amati NOS: chipangizo chakale chimene sichinagwirepo ntchito, chikadali m'pepala lake la kufakitale. Apa m'pofunika kuima pang'ono. Chishalo cha 1983 chimene chafika lero chili chatsopano ndi chishalo chimene palibe mwana anachikhalirapo. Chinatsala pa shelefu ya sitolo, mwina chifukwa chinali chodula, mwina chifukwa palibe anachifuna. Munthu wosaka ubwana wake akulipira ndalama zochuluka kwambiri pa chinthu chimene mulibe ubwana wa munthu aliyense.

Agiriki akale anali ndi mwambi wa nzeru wofanana ndi vuto limeneli. Plutarch analemba kuti anthu a ku Athens anasunga ngalawa ya Theseus kwa zaka mazanamazana, thabwa likawola n'kuikapo latsopano, mpaka anthu anzeru anayamba kukangana ngati inali ikadali ngalawa yomwe ija. Mu 1655 Thomas Hobbes anawonjezera mfundo ina: nanga wina atatola matabwa akale onse aja n'kumanga nawo ngalawa yachiwiri, yeniyeni ikhala iti? Wokonzanso BMX amakumana ndi funsoli ndi sipanala m'manja. Wapeza felemu ya Burner yadzimbiri, waipala, waipentanso, waika masitika osindikizidwa chaka chatha, matayala atsopano, tcheni chatsopano, malimu ochokera ku njinga ina ya ku Germany. Ikatha imanyezimira kuposa tsiku limene inatuluka m'fakitale, ndipo palibe mbali yake imene dzanja lake linaigwirapo ali mwana.

Ngakhale maina enieniwo ndi ngalawa za Theseus. Kampani ya Schwinn inagwa pa ngongole kawiri, mu 1992 ndi mu 2001. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, maina a Schwinn, GT ndi Mongoose onse anali m'manja mwa kampani imodzi, Pacific Cycle, imene inagulidwa ndi Dorel ya ku Canada mu 2004, ndipo mu 2022 anapita kwa Pon ya ku Netherlands. Dzina la Mongoose, limene kale linkanjenjemeretsa ana pabwalo la mpikisano, limapezekanso pa njinga zotchipa za m'masitolo akuluakulu. Makampani nawonso anainunkhiza ndalama ya abambo opukwa: Raleigh yatulutsanso ma Burner, Haro ndi SE zatulutsanso njinga zooneka ngati zakale. Si chinyengo, popeza wogula amadziwa chimene akugula. Koma ndi malonda a mtundu wapadera, amene katundu wake weniweni sali m'katoni.

Kale kupukwa kotereku ankakutenga ngati nthenda. Mu 1688 Johannes Hofer, wophunzira zaudokotala ku Basel, analemba za Aswisi okhala kutali ndi kwawo, ena mwa iwo asilikali, amene ankaonda, kusowa tulo ndi kufooka chifukwa chokumbukira kumudzi. Mankhwala ake anali kuwabweza kwawo. Patatha zaka 110, mu 1798, Immanuel Kant, munthu amene moyo wake wonse sanapite kutali ndi kwawo ku Königsberg, anaona chinthu chimene madokotala sanachione. Iye anati anthu amenewa akabwerera kwawo amakhumudwa, ndipo kukhumudwako n'kumene kumawachiza. Amadandaula kuti mudzi wasintha, pamene chenicheni n'chakuti sangabwezenso unyamata wawo. Chimene ankachisowa sichinali malo, inali nthawi. Akulu akale kuno anainena mwachidule nkhani yomweyi kuti madzi akatayika saoleka.

Akatswiri a maganizo a anthu a masiku ano ali ndi chifundo kuposa Kant. Tim Wildschut ndi Constantine Sedikides a ku yunivesite ya Southampton, pamodzi ndi anzawo, anasindikiza mu 2006 kafukufuku wosonyeza kuti kukumbukira zakale motere kumamuthandiza munthu kumva kuti amakondedwa ndiponso kuti sali yekha. Anapezanso kuti anthu akamafotokoza zimene amapukwa, nkhani zawo zimadzaza ndi anthu ena apamtima. Mfundo imeneyi imamufika bambo wa BMX pamtima penipeni. Akafunsidwa za njinga yake ya 1984, miniti isanathe amakhala atasiya za njinga n'kuyamba za mnzake amene anathyoka dzanja podumpha thabwa lotsamiritsa panjerwa, za likhweru la anzake pageti, za mayi ake akumuitana kukada. Katoni ikafika n'kutsegulidwa m'galaja, mumatuluka chitsulo chokha. Anzake aja ena anasamuka, ena sayankhulana, ena anatsikira kulichete.

Baibulo silinyengerera pa nkhani ya kuyang'ana m'mbuyo. Buku la Mlaliki, chaputala 7, limachenjeza kuti kufunsa chifukwa chimene masiku akale anali abwino kuposa ano si funso lochokera mu nzeru. M'buku la Numeri, chaputala 11, Aisraeli ali m'chipululu anakumbukira nsomba, nkhaka, mavwende, anyezi ndi adyo za ku Iguputo, koma njerwa ndi zikoti sanazitchule. Kukumbukira kumasefa. Bambo wa BMX amakumbukira kunyezimira kwa malimu apulasitiki a Skyway. Amaiwala kuti mvula ikagwa buleki inkangoterera pamalimuwo, ndi kuti mikono ya mapedulo ya chitsulo chimodzi inkapindika. Mwa muyezo uliwonse wa umisiri, njinga yabwino ya lero imaposa ya nthawi imeneyo.

Koma mlaliki amene angaimire pomwepa wawerenga theka. Nkhani ya mana m'buku la Eksodo, chaputala 16, ili ndi mbali ziwiri. Anthu analamulidwa kutola chakudya cha tsiku limodzi, ndipo amene anabisa china kuti adye mawa anachipeza chitagwa mphutsi, chikununkha. Chimwemwe cha mwana wazaka 12 akutsetsereka pachitunda ndi mana a mtundu umenewo: chinali cha tsiku lake, ndipo amene akufuna kuchidya lero adzakhumudwa monga Kant ananenera. Komabe m'chaputala chomwecho Mose anauza Aroni kuti atenge muyezo umodzi wa mana auike mumtsuko, usungidwe ku mibadwo yonse. Amenewo sanali oti adyedwe. Anali oti ana obadwa m'tsogolo adzaone chimene makolo awo anadya. Mulungu yemwe analetsa kusunga analamulanso kusunga, ndipo kusiyana kwake kunali pa cholinga.

Pali chinthu chinanso chimene Aisraeli anasunga. Njoka yamkuwa imene Mose anapanga m'chipululu, ya m'chaputala 21 cha Numeri, inali itapulumutsadi anthu. Inasungidwa kwa zaka mazana ambiri, mpaka mfumu Hezekiya anaiphwanya, chifukwa anthu anali atayamba kuifukizira lubani, monga likunenera buku lachiwiri la Mafumu, chaputala 18. Chinthucho chinali chenicheni, mbiri yake inali yoona, koma chinali chitasiya kuloza kwa wochiritsa n'kuyamba kulandira ulemu pachokha.

Njinga yopachikidwa pakhoma ikhoza kukhala mtsuko wa Aroni, ikhozanso kukhala njoka ya Hezekiya, ndipo sizivuta kusiyanitsa. Ina imatsegula pakamwa pa mwiniwake: mdzukulu akailoza, agogo amaitsitsa, kumulola aigwire, n'kuyamba kusimba za agogo aakazi amene anasunga ndalama miyezi yambiri kuti aigule. Ina imatseka chitseko. Palibe woikhudza, mtengo wake weniweni mayi a m'nyumba sanauzidwe, ndipo ikangofika mwiniwake ali kale pafoni kusaka yachiwiri, chifukwa yoyambayo sinabweretse chimene inalonjeza. Kugula kosatha kumeneko ndi chizindikiro choonekeratu chakuti munthuyo akudya mana a dzulo. Osonkhanitsa ambiri, kunena zoona, ali penapake pakati, ndipo amene amasangalala ndi luso lokonzanso chitsulo chakufa n'kukhala chamoyo ali ndi chimwemwe cha lero, osati cha dzulo. Ameneyo palibe chomuimba nacho mlandu.

Ndipo pali pena pamene Kant anapitirira malire. Nthawi sibwerera, n'zoona, koma si zonse za unyamata zimene zinali m'nthawi. Zina zinakhala m'thupi. Munthu amene anaphunzira kudzutsa tayala ali ndi zaka 12 amapeza kuti manja ndi chiuno chake zikukumbukirabe, ngakhale mutu unaiwala. Mantha a pamwamba pa chitunda, kamphindi kamene matayala onse awiri ali m'malere, kugunda kwa mtima potera: zimenezi sizikumbukiro, zimachitika lero, kwa munthu wa lero. Chimene bamboyo angachipezenso si njinga yake yakale koma kupalasa. Vuto n'lakuti njinga ya 1984 inapangidwira thupi la mwana. Paipi yake yapamwamba ndi yaifupi kuposa ya njinga za lero, mawondo a munthu wamkulu amagunda chiwongolero, msana umadandaula, ndipo chitsulo chimene chakhala zaka 40 sichiyenera kudaliridwa ndi munthu wa makilogalamu 90.

Choncho wamkulu wofuna kupalasadi amakakamizika kuvomereza msinkhu wake pa kauntala ya sitolo pomwepo. Amasankha felemu yaitali, kapena matayala a mainchesi 22, kapena cruiser ya mainchesi 24, kapenanso zazikulu za 26 ndi 29 monga Big Ripper ya SE, imene achinyamata a ku Philadelphia ndi New York amayenda nayo m'magulu tayala lakutsogolo lili m'mwamba. Njinga yoteroyo siyofanana ndi ya pachithunzi chakale, ndipo mtima umawawa pang'ono. Amavomerezanso kuti kugwa kwa zaka 50 si kwa zaka 12: bondo limene kale linkapola pofika Lolemba tsopano limatenga masabata, ndipo pali ana oti alipiriridwe sukulu. Pakati pa abambo awiriwa, wa pakhoma ndi wa pachitunda, wachiwiriyu ndiye wagula mwanzeru, ngakhale ndi amene angafunike kuonana ndi dokotala wa mafupa.

Malo ake alipo. Mipikisano ya BMX ku America, Britain ndi maiko ena imagawidwa potsata zaka, kuyambira tiana tating'ono mpaka magulu a anthu opitirira zaka 50, makamaka pa njinga za cruiser. Opalasa osapitirira 8 amandanda pamwamba pa chitunda, tayala lakutsogolo litatsamira pageti yachitsulo, ataimirira pamapedulo. Geti ikagwa amathamanga mtunda wa mamita 300 mpaka 400 wa zitunda ndi makona opendekeka, ndipo zonse zimatha miniti isanakwane. Malamulo a bungwe la UCI, limene lakhala likuyang'anira masewerawa kuyambira 1993, amafuna chipewa chophimba nkhope yonse, malaya a manja aatali, magolovesi ndi buleki yogwira, ndipo woyang'anira safunsa kuti njingayo ndi ya chaka chanji. Ena mwa abambo amenewa amafika pabwalo pagalimoto imodzi ndi ana awo, aliyense ndi njinga ya msinkhu wake, ndipo maina awo amaitanidwa pa nthawi zosiyana.